Kodi mabatire otchaja sandiwotchera tochi?

Amake Chisomo, Mchini: Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi funso kwa odziwa za magetsi. Ndili ndi matochi awiri. Ina ndi yaing'ono ya LED, imalowa mabatire awiri a AA, ndi imene ndimayenda nayo m'bandakucha popita kukaoda matimati. Inayo ndi chitochi chachitsulo chimene anasiya malemu bambo anga, cha babu, chimadya mabatire awiri akuluakulu aja. Kugula mabatire otaya kwanditopetsa, sabata sitha osagula. Tsono mlamu wanga wabwera kuchokera ku Lusaka ndi mabatire anayi otchaja pamodzi ndi tchaja yake, wandipatsa. Koma pa paketi ya tochi yaing'onoyo analemba kuti muziikamo alkaline basi, mtundu uja wa mabatire otaya. Ndiike kapena ndisiye?

Yotamu, Navutika: Mayi musayese!! Yanga inapsa mwezi wathawu. Nditangoika otchaja inawala ngati basi ya usiku pa Great East Road, kamphindi chabe, kenako fungo la pulasitiki. Mpaka lero zii.

A Sakala, mlonda: Ine chaka chachitatu chino ndikugwiritsa ntchito otchaja pa ulonda. Sinapsepo ngakhale imodzi.

Naphiri: Ndiye timve ziti? Wina akuti imapsa, wina akuti sipsa. A Zulu muli kuti, nkhani yanu iyi.

A Zulu, okonza mawailesi ku Kapata: Ndilipo mayi, ndinali ndi kasitomala. Ndisanayankhe, amake Chisomo tengani batire limodzi muwerenge zonse zimene alemba pambali pake, ngakhale tizilembo ting'onoting'ono. Iwenso Yotamu, ngati ako aja sunataye, uchite chimodzimodzi.

Amake Chisomo: Alemba Ni-MH, AA, HR6, 1.2V, 2000mAh.

Yotamu: Anga ndi a buluu, alemba 14500, Li-ion, 3.7V. Ndinagula kwa mnyamata wina wa pamsewu, anati awa ndiye amphamvu zenizeni.

A Zulu: Sananame, ndi amphamvudi, ndipo mphamvuyo ndi imene inadya tochi yako. Inu awiri simukukamba chinthu chimodzi. Dzina lakuti otchaja ndi limene lakusokonezani, chifukwa otchaja ali mitundumitundu.

Batire lotaya la AA limatulutsa 1.5V. Awiri akatsatana mu tochi ndi 3V, ndipo wopanga tochiyo anawerengera pamenepo. Ni-MH ndi 1.2V, likangochoka pa tchaja limakhala cha m'ma 1.4V, kenako limakhazikika pa 1.2V. Awiri safika n'komwe pa 3V ija. Koma 14500 ndi lithium. Nambalayo ndi muyeso wa thupi lake, mamilimita 14 kunenepa ndi 50 kutalika, ndendende AA, n'chifukwa chake linalowa bwinobwino osavuta. M'kati mwake ndi 3.7V, likadzaza 4.2V. Awiri ako aja anali 8.4V. Tochi yozolowera 3V unaimwetsa pafupifupi katatu. Ikanapirira bwanji?

Amake Chisomo, anuwo ikani, musaope.

Yotamu: Ndiye kuti mavoti anachuluka 😭

Ba Mulenga, Kalongwezi: Mavoti ndi a pa chisankho iwe. Awa ndi mavoliti. Anthu akum'mawa mbewa zinakutherani nzeru.

Agogo a Jere, Mtenguleni: Mbuya wayamba. Wadya kale nyani wa lero?

Amake Chisomo: Zikomo a Zulu, mtima wakhala pansi. Koma tsopano ndili ndi nkhawa ina. Ngati anga ndi 1.2V ndipo tochi ikufuna 1.5V, si ndiye kuti iziwala mwaulesi? Njira ya ku msika ili ndi maenje, ndipo agalu a m'dera lathu sagona.

Aphunzitsi a Mwale, Katete: Ndilowererepo, chifukwa funso limeneli ana a Giredi 10 amandifunsa chaka chilichonse. 1.5V imene imalembedwa pa batire lotaya ndi ya tsiku limene mwalitulutsa mu paketi. Mukangoyatsa tochi imayamba kutsika: 1.4, 1.3, 1.2, 1.1, mpaka cha m'ma 1.0 kapena 0.9 pamene timati latha. Zili ngati munthu wotsika phiri la Kanjala, sitepe iliyonse ali m'munsi kuposa poyamba. N'chifukwa chake tochi ya mabatire otaya imawala kwambiri Lolemba, pofika Lachinayi kuwala kwafiira ngati koloboyi. Mukawerengera moyo wake wonse, batire lotayalo nthawi yaitali limakhala pafupi ndi 1.2V yomweyo.

Ni-MH imayenda mosiyana. Imayambira m'munsi pang'ono, koma imagwira 1.2V osagwedezeka mpaka itatsala pang'ono kutha, kenako imagwa kamodzi. Ndiye usiku woyamba mwina mudzaona ngati otaya atsopano akuwala kuposa pang'ono. Masiku otsatira otchajawo ndi amene adzakhale patsogolo.

Ndipo pali umboni umene muli nawo m'nyumba momwemo. Masulani babu la chitochi cha bambo anu muwerenge zimene anadinda pa kachitsulo kake.

Amake Chisomo: Dikirani ndipeze magalasi.

Amake Chisomo: Palembedwa 2.5V 0.3A.

Aphunzitsi a Mwale: Mwaona? Tochi ya mabatire awiri a 1.5V, koma babu lake ndi la 2.5V. Opanga mababu ankadziwa kalekale kuti 3V ija sikhalitsa tochi ikayaka. Ni-MH awiri ndi 2.4V, kusiyana kwake n'kochepa kwambiri. Palibe choopsa chilichonse apa.

A Zulu: Aphunzitsi zonse mwanena ndikuvomereza, kupatula mawu omalizawo akuti chilichonse. Pa bolodi zimatha bwino, koma pa tebulo langa pamabwera matochi a mtundu uliwonse. Alipo ena otchipa a LED amene m'kati mwake mulibe kanthu koletsa magetsi kuchuluka, waya kuchoka pa batire kupita ku LED basi. Wopangayo amadalira kuti batire lotaya ndi lofooka, likakokedwa kwambiri limagonja lokha. Ni-MH sigonja choncho, imapereka zimene yapemphedwa. Matochi ambiri sizivuta chifukwa 1.2V ija ndi yotsika kale, koma ndinaonapo ena akutentha kumutu kuposa mmene amachitira ndi otaya. Ndiye ine ndimauza anthu kuti tsiku loyamba yatsani kwa mphindi 10, mugwire kumutu. Kufunda pang'ono n'kwachibadwa. Ikatentha moti simungasunge chala, zimitsani, imeneyo si ya Ni-MH.

Aphunzitsi a Mwale: Ndavomera. Ndinathamanga pakamwa.

Naphiri: Nanga n'chifukwa chiyani amalemba kuti alkaline basi? Sangalembe popanda chifukwa.

A Zulu: Zifukwa zilipo. China n'chimene ndanenachi. China ndi anthu ngati Yotamu, pepa mphwanga, wopanga akalemba kuti otchaja amaloledwa wina adzaikamo lithium n'kubwera kudzadandaula. Chinanso chikukhudza matochi otsekeka kwambiri, olowa nawo m'madzi aja okhala ndi mphira paliponse. Batire likazunzika, makamaka limodzi likatheratu anzake akadali ndi mphamvu, limatha kutulutsa mpweya wa hydrogen, ndipo mu tochi yotsekeka mpweyawo ulibe kotulukira. Tochi wamba ya pamsika mpweya umatuluka wokha m'mazinga mwa chivundikiro. Koma ngati muli ndi yosalowa madzi ndipo alemba kuti musaike otchaja, imeneyo mverani.

A Sakala: Tsono ndinene zimene sakuuzani ophunzirawa. Kugwa kamodzi kumene anena aphunzitsi si nkhani yaing'ono. Batire lotaya limatsanzika, umaona kuti kuwala kwayamba kufiira, mawa ndigule. Otchaja satsanzika. Tsiku lina cha m'ma 2 koloko usiku ndamva phokoso kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, ndayatsa bwinobwino, ndayenda masitepe mwina makumi awiri, tochi yangoti zii. Ndinaima ngati chitsa. Mwayi anali mphaka. Kuyambira tsiku limenelo ndimayenda ndi awiri ena odzaza m'thumba. Amake Chisomo muli nawo anayi, ndiye awiri mu tochi, awiri m'chikwama. Ndipo musadikire kuti athe, muzitchaja pa masiku oikika.

A Zulu: M'thumbamo muli makiyi a Sakala?

A Sakala: Makiyi a pageti ndi ndalama zachitsulo, inde.

A Zulu: Siyanitsani lero lomwe. Kiyi ikakhudza mbali zonse ziwiri za Ni-MH, batirelo limatulutsa magetsi ochuluka nthawi imodzi, kiyi imatentha mpaka kuwotcha nsalu ndi ntchafu yomwe. Ikani m'kabokosi kapulasitiki, kapena akulungeni m'kapepala ka shuga lililonse palokha.

A Sakala: Zaka zitatu ndikuyenda ndi moto m'thalauza osadziwa.

Amake Chisomo: Nanga chitochi cha bambo? Mabatire a mlamu wanga ndi aang'ono, mmenemo angogubuduka.

Yotamu: Akulungeni ndi katoni mayi, kumbuyo muikeko pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Ife timatero pa wailesi.

A Zulu: Yotamu lero wapangana ndi ndani kuti uwotche zinthu za anthu? Katoni palibe vuto, imangonenepetsa. Vuto ndi kutalika. AA ndi mamilimita pafupifupi 50, lalikulu lija, limene amalitcha D kapena R20, ndi pafupifupi 61. Pa mabatire awiri mpata wotsala ukupitirira masentimita awiri. Ukadzaza mpata umenewo ndi pepala lachitsulo lofinyafinya mu tochi imene thupi lake lonse ndi chitsulo, tsiku lina pepalalo lidzakhudza pamene siliyenera kukhudza, ndipo tabwerera ku nkhani ya makiyi a a Sakala.

Njira zabwino ndi ziwiri. Yoyamba, pali tizikopa tapulasitiki tooneka ngati batire lalikulu, mumatsegula n'kuikamo AA m'kati. Tina timalowa limodzi, tina awiri kapena atatu. Apa chenjerani: m'tina ta atatu mabatire amakhala moyandikana ndipo mavoliti sasintha, mphamvu yokha ndiyo imakhalitsa, koma m'tina amatsatana n'kuphatikiza mavoliti, ndipo babu lanu la 2.5V lidzapsa pomwepo. Mukapeza, bwerani nato ndipime ndi mita musanaike. Yachiwiri, kugula Ni-MH akuluakulu a HR20. Amenewo amafuna tchaja yaikulu yake, ndipo muziwanyamula m'manja musanalipire. Ena ndi chikopa chachikulu koma m'kati muli kabatire kakang'ono, amapepuka ngati chisononkho, ndipo amalemba 2500 kapena 3000mAh (mAh ndi muyeso wa mphamvu imene batire limasunga). Lenileni limalemera ndipo limakhala cha m'ma 8000 mpaka 10000mAh.

Aphunzitsi a Mwale: Ndipo tiwerengere kuti musadzakhumudwe. Babu lanu limakoka 0.3A, ndiye 300mA. Batire la 2000mAh, mukagawa 2000 ndi 300, ndi maola 6 ndi kanthu. Ndi AA limodzi m'chikopa chilichonse, chitochicho chiziyaka maola pafupifupi 6 musanatchajenso. Kwa munthu wongopita kuchimbudzi usiku ndi kukaona nkhuku, ndi masiku ambiri ndithu.

Agogo a Jere: Ana inu muli ndi mwayi. Ife pa nthawi ya a Kaunda mabatire ankachokera ku fakitale ya ku Mansa, kwawo kwa mbuya wangayu, ndipo akasowa m'sitolo ndiye asowa, ungayende mpaka ku boma osawapeza. Batire silinkatayidwa wamba. Likafooka mu tochi linkapita mu wailesi, pakuti wailesi sidya kwambiri. Likafooka mu wailesi tinkaliyanika padzuwa pamwamba pa nkhokwe tsiku lonse kuti madzulo timvere nkhani. Ena ankalimenya ndi mwala m'mbali, ena kuliluma kumene. Tinkamanganso asanu ndi limodzi akufa m'chibowo cha nsungwi, waya uku ndi uku, wailesi n'kulankhula sabata ina. Likatheratu anyamata ankaliswa kuti atenge chakuda cha m'kati chija n'kupaka pa bolodi ya kusukulu. Tsono ndifunse: kuyanika kuja sikunali kutchaja?

Ba Mulenga: Mwaona, popanda ife a ku Luapula Angoni akanakhala mumdima mpaka lero.

Aphunzitsi a Mwale: Agogo, sikunali kutchaja ayi. Kutentha kumangofulumizitsa mankhwala otsalira m'kati kuti agwire ntchito, ndipo batire likapuma limatsitsimukako pang'ono lokha. Kumenya kumasuntha mankhwala amene anali asanagwire ntchito. Zili ngati kufinya nsalu yochapa kachiwiri, madzi amatulukadi koma simunawonjezeremo. Zolumazo ndiye ana asaone, za m'katimo zimawotcha m'kamwa. Ndipo otchajawa musawayanike n'komwe, dzuwa limawakalambitsa.

Yotamu: Funso lomaliza, musandikalipire. Tchaja ya amake Chisomo ija, munthu ataikamo mabatire otaya amene afooka, sangadzuke?

A Zulu: Ayi. Wafunsa bwino usanachite. Otaya sanapangidwe kuti magetsi azibwerera m'kati. Amatentha, amatupa, amatuluka madzi oononga, ena amaphulika ndithu, ndipo tchaja imathera pomwepo. Njira yosavuta yowasiyanitsa ndi tizilembo. Pa AA: R6 ndi otchipa a zinc-carbon, monga ambiri a Tiger Head amene ali m'tuntemba monsemu, LR6 ndi alkaline, HR6 ndi Ni-MH. Pa aang'ono kwambiri a AAA ndi R03, LR03 ndi HR03. Pa akuluakulu ndi R20, LR20 ndi HR20. Pa tchaja ya amake Chisomo pazilowa okhala ndi H okha. Ako a 14500 nawonso asayandikire tchaja imeneyo, lithium ili ndi tchaja yakeyake.

A Banda, Mambwe: Pepani ndachedwa, netiweki kuno imabwera ngati mlendo. Ndawerenga zonse. Inu a m'tauni mukukamba za maenje ndi amphaka, ife kuno tochi ndi ya njovu. Chimanga chikayamba kukhwima timagona kumunda pa nsanja, ndipo tochi ikafa njovu zili m'mphepete mwa munda ndiye chaka chapita. Ndinayesa otchaja zaka zapitazo ndipo ndinawasiya pa zifukwa ziwiri. Choyamba, kuno malaiti kulibe, ndinkatumiza ku Mfuwe kuti akatchaje. Chachiwiri, ndinkawatchaja n'kuwasunga, patapita miyezi iwiri kapena itatu ndikawatenga ali opanda kanthu, osawagwiritsa ntchito n'komwe. Ndinaona ngati ndaberedwa.

A Zulu: Simunaberedwe a Banda, Ni-MH akale ndi mmene analili, amataya mphamvu okha ali chikhalire, ndipo kutentha kwa kuchigwa kwanuko mwezi wa October kumawonjezera. Koma alipo a mtundu wina amene amasunga. Anayamba ndi a Sanyo ku Japan mu 2005 ndi dzina lakuti Eneloop, pano amapanga ndi a Panasonic, ndipo makampani ena anatsatira. Amenewo mukatchaja lero, chaka chamawa mudzapeza mphamvu yambiri ikadalimo. Chizindikiro chake n'chakuti amagulitsidwa ali otchaja kale, paketi imanena kuti mungagwiritse ntchito pomwepo. Nambala yawo siikhala yodzitama, AA amakhala cha m'ma 1900 kapena 2000mAh. Mukaona AA ya Ni-MH yolembedwa 4000 kapena 5000mAh, bwezani pa shelefu, mphamvu yotero singakwane m'thupi limenelo. Enieni okwera kwambiri amathera cha m'ma 2500 kapena kupitirirako pang'ono.

Za kutchaja, masiku ano kuli matchaja a Ni-MH olowa pa USB. Sola imene mumatchajira foni ikwanira.

A Banda: Sola ndili nayo, ya mababu atatu ndi potchajira foni. Koma nthawi ya njovu ndi nthawi yamvula, mitambo ikagwirana masiku atatu foni yomwe imavuta.

A Sakala: Ndiye chitani ngati ine, koma inu osungira akhale alkaline. Otchaja a tsiku ndi tsiku, paketi imodzi ya alkaline yosatsegula ikhale pa nsanjapo.

A Banda: Zimenezo zamveka. Nanga ndikakhala ndi otchaja awiri okha odzaza, ndipo tochi yanga imalowa atatu, sindingawonjezere limodzi lotaya?

A Zulu: Inu ndinu mlimi, ndikufunseni. Mungamange pa goli limodzi ng'ombe yokhuta ndi ina yodwala?

A Banda: Yodwalayo ingagwe, inzake n'kumaikoka pansi.

A Zulu: Ndi zimene zimachitika mu tochi. Mabatire otsatana amadutsitsa magetsi ofanana, lofooka limatha msanga, koma anzake sasiya kukoka. Amayamba kulikankhira magetsi chobwerera. Likakhala lotaya limatuluka madzi, likakhala Ni-MH limawonongeka osadzachiranso bwino. Ndiye musasakanize otaya ndi otchaja, atsopano ndi akale, kapena 2000 ndi 1000mAh. Ine ndimalemba ndi cholembera chosafufutika, awiri awa A, awiri awa B, azitchajidwa limodzi ndi kugwira ntchito limodzi mpaka kukalamba. Ndiponso tochi ikayamba kuzirala zimitsani pomwepo, musaifinye mpaka dontho lomaliza ngati mmene agogo ankachitira ndi a ku Mansa.

Tochi yanu ya atatuyo, ngati ndi ija ya AAA atatu m'kachikwama kozungulira, Ni-MH atatu ndi 3.6V, ndipo LED yoyera imafuna cha m'ma 3V, ndiye iyaka bwino. Ena mwa matochi amenewo anawapanga kuti mukachotsa kachikwamako mulowe batire limodzi la lithium la 18650. Koma zimenezo pokhapokha wopanga atalemba yekha.

Ba Mulenga: Tsopano ndinene zanzeru, Angoni amvere. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, malaiti akumabwera maola ochepa pa tsiku, ndinagula mabatire a AA okhala ndi kabowo ka USB pa thupi lake lomwe. Alemba lithium koma alembanso 1.5V. Malinga ndi a Zulu lithium imawotcha, koma anga sanawotche kanthu. Bwanji?

A Zulu: Amenewo ndi ena. M'kati muli lithium ya 3.7V, koma kumutu anaikako kadera kakang'ono kotsitsa magetsi kuti potuluka akhale 1.5V. Tochi imaona ngati ndi batire lotaya latsopano nthawi zonse. Ndi abwino, ndipo safuna tchaja yapadera, chingwe cha foni chikwanira. Koma pa kusatsanzika amaposa Ni-MH, amapereka 1.5V mpaka sekondi yomaliza kenako n'kudula ngati wina wazimitsa. Mwayesapo mu wailesi?

Ba Mulenga: Ndinayesa. Pa FM bwinobwino, koma ndikafuna masiteshoni akutali pa shortwave imalira zzzz.

A Zulu: Ndi kadera kaja, kamapanga phokoso. Mu wailesi ikani Ni-MH. Ndipo amenewo musawaike pa tchaja ya Ni-MH, azitchajidwa pa kabowo kawo.

Naphiri: Ine mutu wazungulira. Ndiye lithium ina imawotcha, ina siwotcha.

Aphunzitsi a Mwale: Musaloweze maina mayi. Yang'anani nambala imene ili pafupi ndi V. Ikakhala 1.2 kapena 1.5, ilowe mu tochi ya mabatire wamba. Ikakhala 3.2, 3.6 kapena 3.7, isalowe, ngakhale ikwane bwanji.

Amake Chisomo: A Zulu, tchaja ya mlamu wangayi ili ndi malo anayi ndi kagetsi kamodzi kofiira. Ndidziwa bwanji kuti adzaza? Malaiti kwathu akabwera usiku ndimakhala ndili mtulo.

A Zulu: Kagetsi kamodzi pa malo anayi kawirikawiri ndi tchaja yosaganiza, imangothira mpaka mutachotsa kapena mpaka nthawi yake itakwana. Ya nthawiyo ili ndi vuto kuno kwathu: malaiti akapita n'kubweranso imayambiranso kuwerenga, mabatire odzaza kale n'kumathiridwabe. Tembenuzani muwerenge kumbuyo, pali nambala ya mA. Ikakhala 200mA, mabatire anu a 2000mAh opanda kanthu amafuna maola 12 mpaka 14. Muziwagwira. Akafunda ndi bwino, akatentha chotsani. Musaiike pa matiresi kapena pansi pa pilo, ikhale pa simenti. Mukadzapeza ndalama gulani yokhala ndi kagetsi pa malo alionse, imayang'ana batire lililonse palokha ndipo imasiya yokha likadzaza. Mabatire amakhalitsa zaka ndi tchaja yotero.

Amake Chisomo: Palembedwa 250mA.

A Zulu: Ndiye maola 10 kapena 11 akakhala atatheratu. Akakhala theka, theka lakenso.

Amake Chisomo: Mwadzuka bwanji nonse. Ndabwera ndi lipoti. Tochi yaing'ono ndaika dzulo, ndinayatsa mphindi 10 monga munanenera, inangofunda pang'ono. Lero ndapita nayo kumsika, kuwala sindinaone kusiyana. Chimodzi chokha, mabatirewa ndi onenepako pang'ono, polowa anachita kuthina ndipo potulutsa ndinachita kugwedeza.

Koma chitochi cha bambo chandiliza. Nditatsegula kumbuyo ndapeza mabatire akale akadali momwemo kuyambira mwezi wa June, atupa, ndipo sipuling'i yachita dzimbiri ndi zoyerayera ngati mchere.

A Zulu: Kuthinako kumachitika, Ni-MH ena amanenepa pang'ono. Musakakamize ndipo muziona kuti chikopa chake chapulasitiki sichikung'ambika, chikang'ambika mu tochi yachitsulo ndi ngozi. Za chitochicho musalire, sichinafe. Mabatire otupawo alemba R20 kapena LR20?

Amake Chisomo: R20.

A Zulu: Ndiye sungunulani soda pang'ono, yemweyo wophikira therere, mupukute ndi kansalu kokulunga pa kamtengo. Akanakhala LR20 ndikanati viniga kapena madzi a mandimu, pakuti madzi a alkaline amagonja ndi zowawasa. Valani pulasitiki m'manja, musakhudze m'maso. Kenako palani sipuling'iyo ndi sandipepa mpaka iwale, muumitse bwino padzuwa chopanda mabatire. Otupawo musawaponye pamoto kapena pamene ana amasewera.

Agogo a Jere: Chitochi chimenecho musachitaye mwana wanga. Zachitsulo zija sizipezekanso.

Yotamu: A Zulu, nanga anga a buluu aja ndiwatani? Ndawaika pawindo.

A Zulu: Achotse pawindo, dzuwa. Mata tepi kumitu yonse ubwere nawo, ndili ndi tochi ina pano yopangidwira 14500 limodzi, tiyese ngati akadali amoyo. Ubwerenso ndi yakupsayo, mwina ndi LED yokha.

Amake Chisomo: Inenso ndidzera konko Loweruka ndikatha kugulitsa, mudzandionere sipuling'iyi. Tizikopa tija mumasunga?

A Zulu: Ndilibe pakali pano, ndifunsa mnzanga amene amapita ku Lusaka Lachitatu. Mubwere nacho chitochicho babulo lili momwemo, ndipo mufike isanakwane 4 koloko, Loweruka ndimatseka msanga.